Pankreatina: nkhumba ya m'botolo imene ikugayira bambo anga chakudya

Ndinawapempha kaye bambo ndisanalembe izi, chifukwa nkhaniyi ikukhudza za kuchimbudzi ndipo mwana sakamba zotere za kholo lake pagulu. Anangoti, "Lemba, mwina wina apulumukirapo, koma dzina langa usaikepo." Ndiye dzina lawo mulibe, ndipo maina a mafarmasiya amene ndinagulako mulibenso.

Bambo ali ndi zaka 64. Ndi mlimi wa fodya ndi chimanga kwathu ku Dómuè, ndipo kwa zaka zambiri kachasu anali mnzawo wa madzulo alionse. Anamusiya mu 2022 atagonekedwa kachiwiri ndi ululu wa pamwamba pa mchombo wolasa mpaka kumsana, uja umagoneka munthu atapinda maondo mpaka pachifuwa. Ululu unachepa, tonse tinapuma. Koma chaka chathachi anayamba kuonda ngati wodwala TB, chikhalirecho nsima ankatha mitanda itatu. Lamba anaboola mabowo atsopano awiri. Kumudzi chimbudzi n'chokumba, ndiye palibe amene ankaona kanthu. Atabwera kudzakhala nane kuno ku Ulongwe, kumene chimbudzi n'chamadzi, mkazi wanga ndi amene anandikokera pambali. Zimene bambo ankachita zinali zotuwa, zonona, zoyandama, zonunkha mwachilendo, ndipo umathira ndowa ziwiri koma mafuta n'kutsalabe atamata m'mbali ngati mwatsukiramo chiwaya. Ine ndimaphunzitsa Biologia kusekondale, ndipo nditaona ndinachita manyazi kuti sindinaganizire msanga. Mafuta amene ankadya ankangodutsa m'thupi osagayika.

Dokotala wa mumzinda wa Tete anatsimikiza zimenezo. Kapamba wawo anali atapsa ndi mowa kwa zaka zambiri, ndipo anali atasiya kutulutsa madzi ogayira chakudya okwanira. Apa ndifotokoze, chifukwa m'Chichewa dzina lakuti kapamba timalipereka ku ziwalo ziwiri. Pali uja amatupa kumanzere mwana akadwala malungo kawirikawiri, amene Apwitikizi amati baço. Si ameneyo ayi. Ndikunena pâncreas, kachiwalo kotalika masentimita pafupifupi 15 kamene kamagona chopingasa kuseri kwa chifu, komwenso kamapanga insulini yolamulira shuga m'magazi. Dokotala analemba reseita ya makapisozi a pankreatina a 25 000, awiri pa nkhomaliro, awiri pa mgonero, mmodzi pa kadzutsa.

Kuno ku Ulongwe ndinazungulira paliponse, palibe. Wina mpaka anafuna kundigulitsa mankhwala a njoka za m'mimba, akuti kuonda konse n'kwa njoka. Ndinakwera chapa, minibasi ya kuno, cha m'bandakucha, kutsika phiri, kukhota pa Mussacama, kudutsa Moatize ndi fumbi lake la malasha, kuoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, ulendo wa makilomita oposa 200. Farmasiya yoyamba analibe, yachiwiri sankawadziwa n'komwe, yachitatu anali ndi mabokosi awiri okha pashelefu ya pamwamba, pafupi ndi denga. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene anafikako ku Tete mwezi umenewo akudziwa kuti kutentha kumadutsa madigiri 40. M'farmasiyamo munali fani imodzi yongopukusa mpweya wotentha womwewo. Mnyamata wogulitsa anawerenga reseita, anakwera pampando, anatsitsa mabokosi, anatchula mtengo. Ndinamufunsa kamwedwe kake. Anati, "Monga alembera adokotalamu, aphunzitsi," n'kutembenukira kwa wotsatira. Ndalama imene ndinatulutsa pa bokosi limodzi la makapisozi 50 ikanagula matumba awiri a chimanga nthawi yokolola, ndipo bokosilo limatha masiku 10.

Mwezi woyamba unapita pachabe, ndipo cholakwa china n'changa. Bambo anabwerera ku Dómuè ndi mabokosi awo, ine ndinali pakalikiliki wa mayeso a kumapeto kwa chaka. Nditapita kukawaona patatha pafupifupi masabata atatu, sanasinthe ngakhale pang'ono. Ndinawafunsa kuti amamwa bwanji. Anati m'mawa akadzuka amamwa onse asanu nthawi imodzi ndi madzi, asanalowe m'munda, "kuti ndisaiwale." Ndipo poti makapisoziwo ndi aakulu ndipo ankawatsamwa, ankawatsegula, kukhuthulira timibulu tam'katimo padzanja, n'kutafuna ngati chitowe. Anadandaulanso kuti m'kamwa mwachita zilonda. Botolo lake linali pa kashelefu ka m'khitchini ya mayi, pamwamba penipeni pa mafuwa, pamene amaikapo mchere kuti usanyowe. Zolakwika zitatu zonse zimene munthu angachite ndi mankhwala amenewa anazichita, ndipo palibe amene anawauza kuti n'zolakwika. Kapepala ka m'bokosi kanalemba zonsezo, koma m'Chipwitikizi cha timalemba tating'ono ngati nyerere, ndipo bambo sukulu analekezera kalasi yachitatu nthawi ya atsamunda.

Vuto lake n'lakuti ife tinazolowera mankhwala amene umamwa, alowe m'magazi, akagwire ntchito kwina. Panado ali choncho, mankhwala a BP ali choncho. Pankreatina sali choncho. Salowa m'magazi. Ndi madzi a kapamba wa nkhumba, oumitsidwa n'kukulungidwa, ndipo ntchito yake amaigwirira m'matumbo momwemo, pa chakudya chenichenicho. Ukamwa m'mimba mulibe kanthu, zili ngati kutumiza aganyu kumunda mwezi wa Ogasiti: afika, ayang'ana uku ndi uku, abwerera, malipiro walipira. Nsima ikamafika masana, iwo anadutsa kalekale.

M'kapisozi muli zimene m'kalasi timati maenzima, mapuloteni amene ntchito yawo ndi kudula zinthu zikuluzikulu kuti zikhale tizidutswa tokwana kulowa m'khoma la matumbo. Pabokosi analembapo atatu: amilase ya nsima ndi mbatata, protease ya nyama ndi nyemba, ndi lipase ya mafuta. Nambala ikuluikulu ija ya 25 000, kapena 10 000 pa makapisozi aang'ono, ndi mphamvu ya lipase yokha. Amaika lipase patsogolo chifukwa ndi imene imasowa kwambiri. Nsima malovu amayamba kale kuigaya m'kamwa, nyama chifu chimathandizako, koma mafuta ntchito yaikulu ndi ya kapamba. Ndipo kapamba amapanga lipase yambiri mopitirira muyeso, mwakuti mafuta sayamba kuoneka kuchimbudzi mpaka mphamvu yake itatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo 10. Ndikaganiza zimenezi ndimazindikira kuti tsiku limene mkazi wanga anandikokera pambali lija, zinthu zinali zitaonongeka kalekale.

Ana anga a kalasi ya 11 ndimakonda kuwauza za Mfalansa wina, Claude Bernard, amene m'zaka za m'ma 1840 ankatumbula akalulu atawadyetsa chakudya chamafuta. Iye anaona kuti timitsempha tonyamula mafuta kuchokera m'matumbo tinkayera ngati mkaka kuyambira pamalo ena, pamene pamwamba pake tinali tosayera. Malo amenewo ndi pamene kanjira ka kapamba kamalowera m'matumbo, ndipo mwa kalulu kamalowera patali, m'munsi mwa pamene ndulu imalowera. Anadziwira pamenepo kuti ndulu payokha siikwanitsa, mafuta amadikira madzi a kapamba. Ana amaseka ndikawauza kuti aliyense amene anasendapo kalulu anagwirapo umboni umenewu m'manja, kungoti maso ake anali pa ndiwo.

Mafuta a m'chiwaya, a nsinjiro, a nyama ya nkhumba, onse kapangidwe kake n'kamodzi: kamtengo kafupi kotchedwa giliserolo, kokhala ndi michira itatu yaitali. Ali chomwecho sangalowe m'khoma la matumbo. Lipase imadula mchira woyamba ndi wachitatu, wapakati n'kuusiya, ndipo tizidutswa timeneto ndi timene thupi limayamwa. Mpeni wake ndi ma amino asidi, timikanda timene timalumikizana kupanga puloteni, atatu okha mwa oposa 400 amene amapanga lipase yonse: serina, histidina ndi aspartato, okhala moyandikana m'kadzenje. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti kadzenjeko kali ndi chivundikiro. Lipase ikamayandama m'madzi, chivundikiro chimakhala chotseka, ili phee ngati kamba wabisa mutu. Ikangokhudza pamene dontho la mafuta lakumana ndi madzi, chivundikiro chimakankhikira pambali ndipo ntchito imayamba. Asayansi awiri a ku Marseille, Sarda ndi Desnuelle, anaona khalidwe limeneli mu 1958, koma chivundikirocho anthu anadzachiona bwinobwino mu 1990, pamene kapangidwe ka lipase ya munthu kanajambulidwa. Komanso lipase siigwira yokha. Ndulu ikaphwanya mafuta kukhala timadontho ting'onoting'ono, imakutanso timadonthoto mwakuti lipase imaterereka, osapeza pogwira. Pali kapuloteni kena kakang'ono, kolipase, kamene kamagwira dontho ndi dzanja limodzi, lipase ndi dzanja lina, ngati munthu wogwirira mbuzi miyendo pamene mnzake akucheka.

Kufooka kwa lipase ndi asidi. Asidi wa m'chifu akakhala wowawa kwambiri, muyeso wake wotchedwa pH utatsika pansi pa 4, lipase imapindika molakwika ndipo siibwereranso. N'chifukwa chake m'kapisozi simukhala ufa, mumakhala timibulu tating'ono ngati mapira, kalikonse kali ndi chikhoto chake chosasungunuka mu asidi. Kapisozi wakunja amasungunuka m'chifu, timibulu timasakanikirana ndi nsima, timatsikira nayo limodzi m'matumbo aang'ono, ndipo kumeneko, kumene asidi wachepa, chikhoto chimasungunuka. Tsopano taganizani bambo akutafuna timibulu timeneti. Ndalama zimene ndinalipira zinali za chikhoto chimenechonso, ndipo mano awo ankachiphwanya m'mawa uliwonse. Lipase inkafera m'chifu, pamene protease inkayamba kugaya nkhama zawo. Zilonda za m'kamwa zija zinachokera pamenepo.

Pali enzima ina imene pabokosi sanailembe koma m'madzi a kapamba imakhalamo, ndipo ndi imene ndimaikonda kuposa zonse: fosfolipase A2. Mafuta ena ali ndi michira iwiri yokha, pamalo pa wachitatu pali mutu wa fosifeti wokonda madzi. Amenewa ndi amene amamanga khungu la selo iliyonse m'thupi, ndipo wodziwika kwambiri ndi lesitina, imene yadzaza m'mbali yachikasu ya dzira ndi mu soya amene alimi ambiri kuno ku Angónia ayamba kulima. Ndulu nayo imathira lesitina yambiri m'matumbo tsiku lililonse, kuposa imene timadya. Lesitina imeneyi imakuta madontho a mafuta ngati chikopa, ndipo fosfolipase A2 imadula mchira wake wachiwiri kuti chikopacho chiphwasuke, lipase ipeze njira. Mafosfolipase alipo angapo, A1, A2, C ndi D, ndipo zilembozo zimangosonyeza mfundo imene iliyonse imadula. Ya kapamba ndi kanthu kakang'ono, ma amino asidi 120 ndi owerengeka, komangidwa ndi zomangira zasulufule 7, n'chifukwa chake n'kolimba kuposa lipase, asidi ndi kutentha sizikaopsa msanga. Kamafuna kashiamu kuti kagwire ntchito. Kapamba amakatulutsa kali m'chimake, kali ndi kachidutswa kowonjezera ka ma amino asidi 7 kumapeto, ndipo kakafika m'matumbo enzima ina ya kapamba yotchedwa tripsina imadula kachidutswako, mpeni n'kusololoka. Chimakecho chilipo pa chifukwa chomveka: kapamba nayenso ndi womangidwa ndi maselo a khungu la lesitina. Maenzima akadzuka asanatuluke, monga zimachitikira mowa ukamuvulaza kapena mwala wa m'ndulu ukatseka njira, kapamba amayamba kudzigaya yekha. Ululu wolasa kumsana uja unali umenewo.

Ndipo enzima yomweyi ili ndi abale ake mu ululu wa njoka. Njoka yolavulira m'maso ija, imene asayansi anaipatsa dzina la dziko lathu, Naja mossambica, ululu wake uli ndi fosfolipase A2 yofanana kwambiri kapangidwe ndi ya kapamba wathu. Ya mphiri nayo ndi ya mtundu womwewo, ngakhale ndi ya nthambi ina, ndipo mu mbola ya njuchi mulinso ina. Kumeneko imang'amba khungu la maselo a mnofu ndi magazi. Nditawauza bambo zimenezi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye njoka ndinali nayo m'mimba ndithu, wa ku farmasiya uja sananame."

Za kutentha ndinafuna kuona ndi maso anga, ndipo ndinaona kuti ndi phunziro labwino kwa ana. Ndinatenga makapisozi awiri mwa aja anakhala pafupifupi masabata atatu pamwamba pa mafuwa, ndi awiri atsopano. Kusukulu tili ndi kabotolo kakalekale ka fenolftaleina, mankhwala osintha mtundu malinga ndi kuchuluka kwa asidi, kamene timakasunga ngati golide. Tinathira mkaka wa ng'ombe wosachotsa mafuta m'machubu atatu, tinawonjezera madzi a soda pang'ono ndi madontho a fenolftaleina, mkaka wonse unasanduka wapinki. Tinaimika machubuwo m'beseni la madzi ofunda ngati thupi la munthu. Timibulu tinatipera ndi supuni pa sosala, n'kusungunula m'madzi. M'chubu choyamba tinathira ta kapisozi watsopano, m'chachiwiri ta pamafuwa, m'chachitatu tatsopano koma titawiritsa kaye pa kandulo. Lipase ikamadula mafuta a mumkaka, michira yodukayo ndi maasidi, ndipo asidi akachuluka mtundu wapinki umazimiririka. Ana 60 anaunjikana patebulo limodzi, wina akuwerenga nthawi pa foni yanga. Choyamba chinayera tikuona, pa mphindi zochepa. Chachiwiri chinayera, koma chinatenga nthawi yoposa kawiri. Chachitatu chinali chapinki mpaka belu linalira, ndipo mtsikana wina anachibisa m'kabati kuti akachione mawa lake, n'kupeza chikadali chomwecho. Sindinganene kuti zimenezi ndi kafukufuku, supuni ndi sosala si sikelo. Koma bokosi limanena kuti asasungidwe pamalo otentha kupitirira madigiri 25, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kuwerenga mawu amenewo ngati zokongoletsa. Ndinakumbukanso shelefu ya pafupi ndi denga ija.

Ulendo wachiwiri ndinasintha farmasiya, ndipo apa ndiyamikire. Ili mumzinda momwemo, ndi yaing'ono, koma ukalowa umamva kuzizira kwa makina, ndipo pakhoma pali kachipangizo kosonyeza kutentha kwa m'chipindamo. Wogulitsa ndi mayi wachikulire, wolankhula Chinyungwe, amene atamva kalankhulidwe kanga anasinthira ku Chichewa chosakaniza. Asanatchule mtengo anandifunsa kuti wodwalayo ndi ndani, amatha kumeza kapena ayi, amadya kangati patsiku. Nditawauza za kutafuna kuja anagwira pakamwa. Anatenga pepala n'kujambula mbale ya nsima, kapisozi mmodzi kumayambiriro, wina pakati. "Mukawauze bambo anuwo kuti woyamba amwe ndi mbamu yoyamba, wachiwiri nsima ikafika pakati. Akaiwala mpaka kusamba m'manja, asavutikenso, yapita imeneyo." Za kutsamwa anati kapisozi angatsegulidwe, timibulu n'kuthira pa supuni ya chakudya chofewa, chozizira, chowawasa pang'ono, n'kumeza nthawi yomweyo osatafuna, kenako kumwera madzi. Osathira m'phala lotentha, osathira mu mkaka. Kapepala kamatchula maapozi opota, ife maapozi opota tiwapeza kuti? Mayiwo anaseka n'kuloza panja, pamene amayi amagulitsa malambe m'mabeseni. Ndinakafunsanso dokotala, anavomera. Tsopano mayi anga amanyika malambe pang'ono m'kapu, n'kukhala phala lozizira lowawasa, ndipo bambo amamezera pamenepo.

Anandikulungira mabokosi m'nyuzipepala zingapo n'kundichenjeza kuti ndisalole kondakitala kuwaika pamwamba pa chapa kapena pafupi ndi injini. Ndinawanyamula pamiyendo ulendo wonse ngati mwana. Analembanso nambala yanga kuti katundu akafika azindiimbira, ndipo amaimbadi. Kawiri kokha m'miyezi 7 anandiuza kuti sanafike, ndipo nthawi zimenezo mchemwali wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anatumiza kudzera kwa munthu wa basi. Mtengo wawo suli wotsika kuposa wa farmasiya yoyamba ija, mwinanso ndi wokwererapo pang'ono. Komabe mphindi 10 zimene mayiwo anataya pa ine zikanapulumutsa mabokosi awiri oyamba aja.

Kunyumba botolo linachoka pamafuwa. Mayi analiika m'chitini chotseka bwino, chitini m'kamphika kadothi kouma, kamphika pansi pa bedi kuchipinda. Mwayi wathu ndi wakuti Angónia ndi kumtunda kozizira. Amene muli ku Moatize, ku Changara kapena ku Mutarara, nkhani ya posungira muiganizire musanagule, makamaka ngati nyumba ndi yamalata opanda siling'i.

Zotsatira zake zinabwera msanga kuposa mmene ndinkayembekezera. Sabata yoyamba yomwe anasiya kuthamangira kuchimbudzi kasanu patsiku, kunatsala kawiri. Mpweya wa m'mimba umene unkawachititsa manyazi kutchalitchi unachepa. Ndinkawayeza pa sikelo yogulira soya ya mnzanga wina pamsika, atavala zovala zomwezomwezo. Anayambira pa makilogalamu 49, patatha miyezi itatu anafika 54, pano ali pa 57. Ndiwo zotendera, zimene mayi anali atasiya kuphika chifukwa zinkawatsegula m'mimba, zabwerera pamphasa. Mapeyala akudya, dzira akudya. Chinthu china chimene sitinkachigwirizanitsa ndi matendawa: bambo ankadandaula kuti kukangoyamba mdima saona bwino njira. Mavitamini A, D, E ndi K amalowa m'thupi atakwera pa mafuta, ndiye mafuta akamangodutsa, iwonso amadutsa nawo, ndipo kusowa kwa vitamini A kumayamba kuonekera pa maso usiku. Dokotala anawonjezera mavitamini, ndipo pano madzulo amapita okha kukatsekera mbuzi.

Zimene makapisoziwa sachita ndizinenenso. Kapamba samuchiritsa, wopsa ndi wopsa basi, ndipo bambo adzamwa moyo wawo wonse. Ululu ukafuna kubwera umabwerabe, makamaka akadya nyama yonona kwambiri pa ukwati kapena pamaliro. Pa matenda a shuga makapisoziwa sathandizapo, ndipo poti insulini imachokera kwa kapamba yemweyo, timawayezetsa miyezi ingapo iliyonse. Masabata oyamba anadzimbidwa masiku angapo mpaka anawonjezera madzi akumwa. Botolo ukalitsegula limatulutsa kafungo ka nyama yowuma kamene mayi amadana nako. Ndipo fodya wopichira, amene dokotala anati nayenso amaononga kapamba, tikulimbanabe naye, munthu wolima fodya kumuuza kuti asasute ndi nkhondo ina.

Za nkhumba muzidziwe musanagule. Pankreatina amachokera ku kapamba wa nkhumba, ndipo bokosi limanena, ngakhale m'timalemba tating'ono. Kwa ife si nkhani, bambo ndi Mkatolika wobatizidwa ku Lifidzi ndipo nkhumba anaweta zambiri. Amati, "Ndinadya nkhumba zaka zonsezi, lero nkhumba ikundidyera nsima." Koma mphunzitsi mnzanga wa Chiadiventisti atamva anakhala chete, chifukwa malume ake ali ndi vuto lomweli. Kwa Asilamu n'chimodzimodzi. Imeneyo ndi nkhani yoti munthu akambirane ndi dokotala wake ndi akuluakulu a chipembedzo chake, koma wogulitsa ayenera kuinena poyera. Mnyamata wa farmasiya yoyamba sanaitchule, mayi wa yachiwiri anaitchula ndisanafunse.

Ndili m'farmasiya yachiwiriyo tsiku lina, kunalowa mayi wovala bwino kudzafunsa mankhwala ochepetsa thupi otchedwa orlistat. Ndinangoseka chamumtima. Orlistat amakamatirira pa serina ya m'kadzenje ka lipase ija n'kuitseka, mwakuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mafuta amene munthu wadya limadutsa osagayika, ndipo chimbudzi chimanona ngati cha bambo chija. Pakauntala imodzi, ine ndikulipira kuti lipase igwire ntchito, iwo akulipira kuti ileke.

Chimene chimandipweteka ndi mtengo. Mabokosi atatu pamwezi, kuwonjezapo chapa chopita ndi kubwera, zimadya gawo lalikulu la malipiro a mphunzitsi. Tikukwanitsa chifukwa tilipo ana anayi ndipo tinagawana miyezi. Bambo ataona kuti ndalama zikutivuta anayamba kumwa mmodzi pa nkhomaliro mobisa, kuti botolo lichedwe kutha, ndipo pa masiku anayi okha mimba inawaulula. Tinagwirizana kuti akamadya mbatata yophika yokha kapena nthochi, zopanda mafuta, asawononge kapisozi, ndipo dokotala anavomera, koma pa nsima ya ndiwo zamafuta palibe kuchepetsa. Wina anandiuza za timapiritsi totchipa "tothandiza kugaya chakudya" timene timapezeka mosavuta. Ndinawerenga bokosi lake, mphamvu ya lipase sanalembepo n'komwe, ndinabweza pashelefu. Ngati pabokosi palibe nambala ya lipase ndi mawu osonyeza kuti timibulu take sitisungunuka m'chifu, gastrorresistente m'Chipwitikizi, ine sindigula.

Kwa munthu amene dokotala wamupeza ndi vuto ngati la bambo, makapisozi amenewa ndi oyenera ndalama zake, ndipo farmasiya ya mayi aja ndingatumizeko aliyense. Kwa amene wangoonda kapena akungotsegula m'mimba, ayambe wakayezetsa, chifukwa TB, HIV, shuga ndi njoka zenizeni zimaondetsanso, ndipo pankreatina sangathandize pa zimenezo.

Loweruka lapitali ndinali ku Dómuè. Mayi anaphika nkhwani wotendera ndi kapenta wokazinga. Tisanasambe m'manja bambo anadzuka okha, analowa kuchipinda, ndinamva kamphika kakukhwekhwereza pansi pa bedi. Anabwera ndi makapisozi awiri, mmodzi anatsegulira pa supuni ya malambe, wina anamuika pambali pa mbale pamene mphaka sangafike. M'botolo munatsala 14, ndiye Lachiwiri ndikwera chapa cha m'bandakucha.